David Starr Jordan: Katswiri yemwe ankawerenga ndevu za nsomba, kenaka nayamba kusanja anthu

M'ngalande za m'minda ya mpunga ku Japan mumakhala kansomba koterera, kotalika ngati chikhatho, kandevu kukamwa, kokonda kudzikwirira m'matope. Eni dziko amakatcha dojo, ndipo pa Chingerezi iko ndi abale ake onse amatchedwa loach. Msodzi wa ku Kachulu kapena ku Nsanje atakaona anganene kuti ndi mwana wa mlamba, koma ndevuzo n'zonyenga. Abale ake enieni ndi matemba, usipa, mpasa ndi nchila, nsomba za m'fuko lalikulu lomwe asayansi amalitcha Cypriniformes.

Lero mitundu ya loach yodziwika imaposa 1,000, ndipo pafupifupi yonse ndi ya ku Asia ndi ku Ulaya. Mu Africa imapezeka ku Morocco ndi ku Ethiopia kokha. Ku Malawi kulibe, ndipo ku America kunalibe ndi mtundu umodzi womwe wa chibadwire. N'chifukwa chake zimadabwitsa kuti yemwe anasanja bwino loach za m'mitsinje ya ku Japan, mu 1903, anali munthu wa ku America yemwe luso lake la nsomba analinolera m'timitsinje ta mumzinda wa Indianapolis, m'boma la Indiana. Dzina lake linali David Starr Jordan. Mu 2020 mayunivesite awiri omwe iye anawatsogolera anafafaniza dzina lake pa nyumba zawo. Koma pa maina a nsomba dzinalo lidakalipo, ndipo palibe komiti yomwe ingalichotse.

Jordan anabadwa pa 19 Januwale 1851 ku Gainesville, m'boma la New York, m'banja la alimi. Ali mwana mtima wake unali pa maluwa ndi nyenyezi, ndipo ku yunivesite ya Cornell, komwe anamaliza mu 1872, anaphunzira za zomera. Nsomba anakumana nazo mu 1873 pa kachilumba ka Penikese, komwe katswiri wotchuka Louis Agassiz anatsegula sukulu ya m'chilimwe ya aphunzitsi. Agassiz ankalimbikira kuti wophunzira ayang'ane cholengedwa chenichenicho mpaka maso atazolowera, m'malo moloweza za m'buku. Anamwalira chaka chomwecho mu Disembala, koma mbewu inali itagwera kale m'nthaka. Pachilumba pomwepo Jordan anadziwana ndi Susan Bowen, yemwe anadzamanga naye banja mu 1875.

Mu 1874 anafika ku Indianapolis kudzaphunzitsa sayansi pa sekondale ya mumzindawo, yomwe pambuyo pake inatchedwa Shortridge. Chaka chotsatira analandira digiri ya udokotala pa Indiana Medical College, ngakhale kuti sanagwirepo ntchito yochiza odwala, ndipo anayamba kuphunzitsa pa North Western Christian University, yomwe mu 1877 inasintha dzina kukhala Butler. (Mlendo wokacheza ku Butler lero asasokonezeke: nyumba yaikulu yotchedwa Jordan Hall kumeneko ndi ya Jordan wina, Arthur, munthu wamalonda.)

Zaka zisanu za ku Indianapolis ndizo zinamuumba. Iye ndi mnzake wa ku Cornell, Herbert Copeland, ankalowa ndi ukonde mumtsinje wa White ndi timitsinje tothiramo, kusaka tinsomba totchedwa darter, tomwe timakhala pansi pa madzi pakati pa miyala. Ankatisunga tamoyo m'bokosi lagalasi kunyumba n'kumationerera mmene timadyera ndi mmene timabisalira mumchenga. Vuto lalikulu silinali kugwira nsomba, koma maina. Mu 1820 Constantine Rafinesque anali atafotokoza nsomba za mumtsinje wa Ohio mwachidule komanso mosasamala, moti akatswiri obwera pambuyo pake ankangolota kuti dzina lakuti likunena nsomba iti. Jordan anayamba ntchito yotopetsa yofananiza dzina lililonse ndi nsomba yeniyeni ya m'madzi. Mu 1876 anatulutsa buku lothandiza kuzindikira nyama za msana za kumpoto kwa United States, lomwe linasindikizidwa mobwerezabwereza kwa zaka zoposa 50. Kumapeto kwa chaka chomwecho Copeland anamwalira, atadwala chifukwa chogwera m'madzi ozizira a mtsinje wa White. Malo ake pambali pa Jordan anatenga ndi mnyamata yemwe anamuphunzitsa kusekondale, Charles Henry Gilbert, yemwe naye anadzakhala katswiri wamkulu wa nsomba.

Agassiz anapita kumanda akutsutsa Charles Darwin. Wophunzira wakeyu anasinthidwa maganizo ndi nsomba zomwezo. Poyenda wapansi ndi ophunzira ake m'mapiri a kummwera, ku Georgia, Tennessee ndi Carolina, anaona kuti mitsinje iwiri yochokera paphiri limodzi, wina kutsetserekera uku wina uko, imakhala ndi nsomba zofanana ngati ana a mimba imodzi koma zosiyana pang'ono. Funso la chomwe chimabweretsa kusiyanako anakhala nalo moyo wake wonse.

Kuchokera apa anakwera msanga. Mu 1879 anasamukira ku Indiana University ku Bloomington. Moto wa mu Julaye 1883 unapsereza nsomba zake zonse ndi mabuku, iye n'kuyambiranso. Mu Januwale 1885, ali ndi zaka pafupifupi 34, anakhala mkulu wa yunivesiteyo. Mkazi wake Susan anamwalira chaka chomwecho, ndipo mu 1887 anakwatira Jessie Knight. Mu 1891 Leland ndi Jane Stanford anamuitana kuti akakhale mkulu woyamba wa yunivesite yawo yatsopano ku California. Udindo sunamulekanitse ndi nsomba: pakati pa 1896 ndi 1900 iye ndi Barton Warren Evermann anatulutsa The Fishes of North and Middle America, mabuku anayi a masamba oposa 3,000.

Ndevu khumi, zisanu ndi zitatu, zisanu ndi imodzi

Atamaliza za kwawo, anatembenukira ku Japan. Mu 1900 iye ndi John Otterbein Snyder anayenda dzikolo kuyambira kummwera mpaka ku chilumba cha Hokkaido, akugula nsomba m'misika, akuponya ukonde m'mitsinje, mothandizidwa ndi akatswiri a komweko monga Kakichi Mitsukuri wa pa yunivesite ya ku Tokyo komanso msodzi wodziwa nyanja, Kumakichi Aoki wa ku Misaki. Nsombazo anazitengera ku Stanford m'mitsuko ya sipiriti, ndipo zinabala malipoti ambirimbiri, banja lililonse la nsomba lipoti lakelake. La loach analemba ndi wophunzira wake Henry Weed Fowler, ndipo linatuluka mu 1903 m'magazini ya United States National Museum. Ndi la masamba pafupifupi khumi basi.

Kusiyanitsa loach ndi ntchito yofuna maso ndi kuleza mtima, pakuti zonse ndi zazing'ono, zazitali, zamtundu wa dothi, ndipo mamba ake ndi osaoneka bwino. Wozindikira amayambira kukamwa. Dojo wa m'minda ya mpunga, Misgurnus anguillicaudatus, ali ndi ndevu khumi. Za m'gulu la Lefua zili ndi zisanu ndi zitatu, ziwiri mwa izo zili pamphuno. Za m'gulu la Cobitis zili ndi zisanu ndi imodzi, chimodzimodzinso za m'gulu la Barbatula. Ndiye apa ndevu zaleka kuthandiza, ndipo munthu amayenera kupapasa kunsi kwa diso. Cobitis ili ndi kaminga kobisika m'khungu pamenepo, komwe imakadzutsa ikagwidwa, pomwe Barbatula ilibe. Kenaka pamabwera mchira, ngati uli wozungulira, wodulidwa kapena wamphanda; malo omwe chipsepse cha pamsana chayambira; kuchuluka kwa timafupa ta m'zipsepse; ndi kandandalikidwe ka madontho m'nthiti. Izi n'zomwe Jordan ndi Fowler ankawerenga, nsomba imodziimodzi.

Dojo ali ndi zodabwitsa zakezake. Madzi akachepa mpweya, amakwera pamwamba, kumeza mpweya, n'kuupuma kudzera m'matumbo, wotsalawo n'kutulukira kumbuyo. Motero amapirira m'thope momwe nsomba zina zingafe. Amatekesekanso nyengo ikamasintha mvula isanagwe, ndipo ndi chifukwa chake Azungu anamutcha nsomba yolosera nyengo. Ku Tokyo ndi ndiwo yakalekale; amamuphika ndi mazira mumphika wadothi.

M'lipoti la 1903 anafotokozamo mitundu iwiri yatsopano ndipo uliwonse anaupatsa gulu lakelake: Orthrias oreas ndi Elxis nikkonis. Zaka ziwiri m'mbuyomo iye ndi Snyder anali atapereka dzina lakuti Cobitis biwae, potengera nyanja ya Biwa, yaikulu koposa m'dzikolo. Mu 1907, pamodzi ndi Robert Earl Richardson, anawonjezera Lefua echigonia, kutengera dera la Echigo, lomwe lero ndi Niigata.

Nthawi yaweruza ntchitoyi mosakondera. Magulu awiri aja sanakhalitse: Elxis inalowetsedwa mu Lefua, Orthrias mu Barbatula. Jordan anali ndi dzanja lofulumira kupanga magulu atsopano, ndipo ambiri obwera pambuyo pake atha zaka akuphatikiza zomwe iye anagawa. Koma mitundu yeniyeniyo idakaima: Lefua nikkonis, Barbatula oreas, Lefua echigonia ndi Cobitis biwae ndi maina ogwiritsidwa ntchito mpaka lero. Pa Cobitis biwae, cholakwa chake chinali cha mbali inayo, kugawa moperewera. Akatswiri a ku Japan, poyang'ana kafupa kapadera ka pa chipsepse cha pachifuwa cha yaimuna komanso poyeza DNA, apeza kuti pansi pa dzina limodzilo pakubisala magulu anayi, lililonse ndi mitsinje yake.

Wina angafunse phindu la kuwerenga ndevu za kansomba ka m'matope. Yankho lili pa Lefua echigonia yomweyo. Imakhala m'timifuleni tozizira ta akasupe ndi m'ngalande zadothi za m'mphepete mwa minda, ndipo pamene ngalandezo zinayamba kuwakidwa ndi simenti inayamba kusowa. Lero ili pa mndandanda wa boma la Japan wa zamoyo zomwe zili pachiopsezo chakutha. Kuti ilembedwe pamndandandapo panafunika kuti wina ayambe wanena kuti iyi si dojo wamba. A ku Malawi nkhaniyi sangaione yachilendo: chomwe pamsika timangoti chambo ndi mitundu ingapo ya Oreochromis, ndipo umodzi mwa iyo, lidole, ukhoza kutha anthu akudyabe chambo osazindikira kuti china chasowa m'nyanja.

Mitsinje, malire ndi chivomezi

Loach za ku Japan zinagwirizana ndi zomwe anaona m'mapiri a ku Georgia. Lefua nikkonis, ngakhale dzina lake limakumbutsa tauni ya Nikko, kwawo kwenikweni ndi ku Hokkaido. Mbale wake Lefua echigonia ndi wa pachilumba chachikulu cha Honshu. Pakati pawo pali khwalala la madzi amchere la Tsugaru, lomwe nsomba ya mumtsinje singawoloke. Mu 1905 Jordan analongosola mfundo yomwe pambuyo pake inatchedwa lamulo la Jordan: mbale wapafupi kwambiri wa mtundu uliwonse sapezeka m'dera lomwelo, kapena kutali kwambiri, koma m'dera loyandikana, kuseri kwa chotchinga china monga phiri, nyanja kapena mathithi. Chotchingacho chikalekanitsa zamoyo kwa mibadwo yambiri, mbali iliyonse imatsata njira yake.

Mtsinje wa Shire umaonetsa mphamvu ya zotchinga zotere. Mathithi a pakati pake, kuyambira ku Kholombidzo mpaka ku Kapichira, amalekanitsa nsomba za m'chigwa cha kumunsi, zomwe ndi za mtundu wa ku Zambezi, ndi za kumtunda ndi m'nyanja ya Malawi. Nsomba yolusa ya tigerfish imapezeka kumunsi koma m'nyanjamo mulibe. Lamulo la Jordan silifotokoza zonse, ndipo mbuna mazanamazana zomwe zinasiyana m'nyanja imodzi zimalivutitsa ndithu, komabe monga poyambira kufunsa mafunso lidakagwira ntchito.

M'mamawa wa pa 18 Epulo 1906 chivomezi cha ku San Francisco chinagwetsa mashelufu a ku Stanford. Mitsuko inasweka, nsomba zinamwazika pansi, ndipo timapepala ta maina tinasiyana ndi eni ake. Kwa wosanja zamoyo palibe tsoka loposa ili, chifukwa nsomba yoyamba yomwe dzina linaperekedwapo ndiyo mboni ya dzinalo mpaka kalekale. Anzake anakhala akuthira madzi pa nsombazo usana ndi usiku kuti zisaume podikira sipiriti, Jordan akuzitola imodziimodzi, kuzizindikira ndi maso, n'kusokerera dzina pathupi penipeni ndi singano. Amati iye ndi ophunzira ake anatcha maina mitundu pafupifupi 2,500, gawo limodzi mwa magawo asanu a nsomba zonse zodziwika m'masiku ake.

Pamene anatembenukira kwa anthu

Mbali ina ya moyo wake nayonso inayambira pakati pa mzinda wa Indianapolis. Kumeneko Jordan anali bwenzi la m'busa Oscar McCulloch wa mpingo wa Plymouth, yemwe ankatsogolera ntchito zachifundo mumzindawo. McCulloch anatsata mibadwo ya mabanja osauka omwe anawatcha fuko la Ishmael, ndipo mu 1888 analengeza kuti umphawi wawo ndi wa m'magazi, nawafanizira ndi kachilombo koyamwa nkhanu. Jordan anailandira mfundoyi ndi manja awiri naibwereza m'mabuku ake. Ku Aosta, m'mapiri a ku Italy, anaona anthu ambiri a chithokomiro ndi opinimbira thupi ndi nzeru, ndipo anagamula kuti chifundo cha mpingo ndi cha anthu ndicho chinawachulukitsa powalola kukwatirana ndi kubereka. Chomwe chinkawadwalitsa chinali kusowa kwa ayodini m'zakudya. Dziko loyandikana nalo la Switzerland linayamba kuthira ayodini mumchere mu 1922, Jordan adakali moyo, ndipo matendawa anayamba kuzilala popanda kuletsa aliyense kubala.

Apa ndi pamene mbiri yake imawawa. Pa nsomba, munthuyu sankakhulupirira dzina asanagwire nsombayo m'manja ndi kufunsa mtsinje womwe yachokera. Pa anthu, anakhutira ndi nkhani zongomva ndiponso ndi zomwe anaona ali pa ulendo, osafunsa za madzi omwe ankamwa, dothi lomwe ankalima kapena malipiro omwe ankalandira. Mu 1902 anatulutsa The Blood of the Nation, ndipo mu 1907 The Human Harvest, mabuku ophunzitsa kuti mtundu wa anthu umalimba kapena kufooka malinga ndi omwe aloledwa kubereka, ndiponso kuti mafuko ena ndi apamwamba kuposa ena. Kuyambira 1906 anatsogolera komiti ya eugenics ya bungwe la American Breeders' Association, bungwe la oweta ziweto ndi obereketsa mbewu, lomwe tsopano linayamba kukamba za anthu m'chiyankhulo cha m'khola. Chakumapeto kwa moyo wake anali m'gulu la oyambitsa Human Betterment Foundation ku California, yomwe inkalimbikitsa kutseka anthu mokakamiza kuti asabereke.

Maganizo amenewa anasanduka malamulo. Mu 1907 nyumba ya malamulo ya ku Indianapolis inakhazikitsa lamulo loyamba padziko lonse lololeza kutseka anthu mokakamiza, ndipo California inatsatira mu 1909. Ku Indiana anthu pafupifupi 2,500 anachitidwa opaleshoni yotere lamulo lisanathetsedwe mu 1974. Ku California pafupifupi 20,000. M'dziko lonse la United States oposa 60,000. Ambiri anali osauka, olumala, odwala misala ndi atsikana osungidwa m'nyumba za boma. Jordan sanalembe malamulowo ndi dzanja lake, koma anawabwereka ulemu wa sayansi ndi wa mpando wa mkulu wa yunivesite, ndipo opanga malamulo ankamvera anthu otere. Zolemba za bungwe la ku California lija zinawerengedwa ndi kuyamikiridwa ku Germany, komwe lamulo lofanana linadza mu 1933.

Ngakhale kudana kwake ndi nkhondo, komwe kunamutchukitsa, kunamera pa muzu womwewo. Anatsutsa zoti America ilande Philippines, anagwira ntchito ndi World Peace Foundation, anakana zoti dziko lake lilowe nkhondo yoyamba ya padziko lonse, ndipo anthu ambiri anamuda chifukwa cha zimenezi. Anaikiranso kumbuyo anthu a ku Japan pamene California inkawasala. Koma chifukwa chachikulu chomwe ankapereka podana ndi nkhondo chinali chakuti imapha amuna amphamvu n'kusiya ofooka kuti abereke.

Palinso nkhani ya imfa ya Jane Stanford, yemwe anamwalira ku Honolulu pa 28 Febuluwale 1905, pa nthawi yomwe ubale wake ndi Jordan unali utazizira. Bwalo lofufuza za imfa kumeneko linapeza kuti anafa ndi poizoni wa strychnine. Jordan anathamangira ku Hawaii, napeza dokotala wina, nalengeza kuti mayiyo anafa ndi mtima, ndipo kwa zaka zambiri dziko linakhulupirira zimenezo. Olemba mbiri omwe afukula nkhaniyi sanapeze umboni woti iye ndiye anapha, koma ambiri amavomereza kuti anakwirira choonadi pofuna kuteteza yunivesite.

Anasiya ukulu wa Stanford mu 1913, napuma ntchito mu 1916, koma anapitiriza kusanja nsomba, natulutsa The Genera of Fishes pakati pa 1917 ndi 1920 komanso A Classification of Fishes mu 1923. Ku Japan anabwererako mu 1911 ndi mu 1922. Anamwalira kunyumba kwake ku Stanford pa 19 Seputembala 1931, ali ndi zaka 80.

Mu 2018 sukulu ina ya ku Palo Alto inasiya dzina lake. Mu Okutobala 2020 Stanford ndi Indiana University anachita chimodzimodzi, ndipo kamtsinje kodutsa pakati pa yunivesite ku Bloomington, komwe kankatchedwa Jordan River, tsopano ndi Campus River. Malamulo a maina a zamoyo ndi ena: dzina la woyamba kufotokoza mtundu limalembedwa pambali pa dzina la mtunduwo monga umboni wa yemwe analemba ndi chaka chake, osati monga ulemu. Choncho wophunzira wa ku Kyoto kapena ku Bunda akatsegula kaundula wa nsomba amapezabe Cobitis biwae Jordan & Snyder, 1901.

Dojo uja naye anawoloka nyanja. Amalonda a nsomba zoweta m'magalasi anamubweretsa ku America, ndipo mu 1939 ena anapulumukira mumtsinje wa Shiawassee ku Michigan. M'zaka za m'ma 1980 anayamba kupezeka m'ngalande za ku Chicago, ndipo kenaka m'madzi a kumpoto chakumadzulo kwa Indiana, komwe akuluakulu oona za nsomba amamuwerengera m'gulu la zamoyo zobwera zosafunika. Ogwira ntchito m'mitsinje ya kumeneko akamukola muukonde, amamuzindikira powerenga ndevu khumi zija.